Nyumba ya Mipini Yachitsulo

Akonzi a magazini yathu ino anandipempha kuti ndilembe za zimene ndinaona ku England pa tchuthi chachikulu chapitachi, pamene ndinapita kukachezera azakhali anga amene amagwira nchito ya unamwino m'tauni ya Shrewsbury. Ndidziwa kuti anzanga ambiri ayembekeza kumva za London, za nyumba ya Mfumu ndi za mabwalo a mpira. Mundikhululukire, pakuti ine ndasankha kusimba za nyumba ina yopanda ulemu weni-weni, imene apaulendo ambiri amaipitirira osaicheukira n'komwe. Angerezi amaitcha signal box. Ife tinganene kuti ndi nyumba ya masiginolo, m'mene mumakhala munthu wolamula sitima ya pamtunda kuti iime kapena ipite, ndi kuisankhira njanji yoti idzere.

Shrewsbury ndi tauni yakale ya kumadzulo kwa England, kufupi ndi malire a Wales. Amene amakonda phunziro la Biology adzakondwa kumva kuti Charles Darwin anabadwira komweko mu 1809. Mtsinje wa Severn unazinga tauniyo pafupi-fupi mbali zonse, ndipo malo anachepa kotero kuti mbali ina ya sitesheni inamangidwa pa mlatho, pamwamba pa madzi. Mukaima kumapeto kwa pulatifomu ndi kuyang'ana kutsidya, muona njanji zikugawikana: zina zilowera ku Wolverhampton ndi Birmingham, zina ku Hereford, ndipo njanji yachitatu ilumikiza ziwirizo. Tsono pakati patsala kamalo ka ngodya zitatu monga mafuwa, ndipo pakamalo pamenepo ndi pamene paima nyumba imene ndikunenayi.

Dzina lache ndi Severn Bridge Junction. Inamangidwa mu 1903 niyamba nchito mu 1904, kutatsala zaka zinai kuti njanji yathu ifike ku Blantyre. Ndi yosanja katatu. Zigawo ziwiri zapansi ndi za njerwa zofiira ndi timazenera tating'ono. Chigawo chapamwamba ndi cha matabwa ndi magalasi okha-okha, kuyambira uku kufikira uko, ndipo denga lache anafolera ndi masileti, mwala womwe uja ankalembapo makolo athu ku sukulu. M'litali ingafanane ndi makalasi athu atatu ophatikiza, koma m'lifupi ndi yopapatiza ngati khonde. M'chipinda chapamwambacho muli mipini yachitsulo 180, yondandalikidwa mzere umodzi, uli wonse wofika m'chifuwa mwa mnyamata wa msinkhu wanga. Pa dziko lonse lapansi palibenso nyumba ina yotere yogwirabe nchito imene ili ndi mipini yochuluka chomwechi, ngakhale kuti masiku ano pafupi-fupi theka lokha la mipiniyo ndilo limakokedwa.

Mlendo salowamo, pakuti anthu a m'menemo ali pa nchito yosafuna kucheukira kwina. Chotero ine ndinaiona kuchokera pa pulatifomu, masana atatu otsatana. Ndinaona chithunzi-thunzi cha munthu chikuyenda kuseri kwa magalasi, kenaka mawaya oyalidwa m'mbali mwa njanji ananjenjemera ndi kulira, ndipo patali ndithu dzanja lofiira la pa mlongoti linasuntha, sitima niyamba kuyenda. Tsiku lachitatu azakhali anatopa nane nati, "Kodi iwe, unakwera ndege ulendo wonse uja kudzaona nkhokwe ya magalasi?" Ndinayankha kuti, "Azakhali, kwa ine ikuoneka ngati nsanja ya mlonda wa m'munda." Koma mafunso anandigwira: chifukwa ninji anaikweza m'mwamba chotero, chifukwa ninji magalasi ambiri-mbiri m'dziko lozizira, nanga m'zipinda zamdima zapansizo mumakhala chiani? Mayankho ache ndinawapeza pang'ono-pang'ono, ndipo ambiri a iwo ali ndi maliro m'kati mwao.

Pamene sitima zinayamba kuyenda m'dziko la Britain, cha m'ma 1830, kunalibe nyumba zotere. Kampani iri yonse inkalemba apolisi ache oima m'mbali mwa njanji ndi mbendera m'manja, ndipo mpaka lero anthu a njanji kumeneko amamutcha munthu wa masiginolo ndi dzina lomwe lija amatchula nalo wapolisi moseka, lakuti bobby. Lamulo lache linali la wotchi. Sitima ikadutsa, wapolisi ankadikira mphindi zingapo asanalole inzache kutsatira. Bvuto lache mwaliona kale: ngati sitima yoyamba yafera pa gulaye, wotchi sidziwa kanthu. Mphindi zikakwana, yachiwiri inkaloledwa kuthamangira kumene kwaima inzacheyo.

Pa 25 August 1861, tsiku la Sabata, sitima zitatu zinanyamuka ku Brighton motsatana kwambiri, kulowera ku London. Panjirapo pali mphanga yaitali yoboola phiri, yotchedwa Clayton Tunnel, ndipo pakhomo pache panali munthu wa masiginolo amene tsiku limenelo anali pa nchito ya maola 24. Sitima yoyamba italowa, siginolo silinabwerere pa chizindikiro cha kuima. Yachiwiri inatulukira msanga, munthuyo naikupizira mbendera yofiira, koma anayesa kuti woyendetsa sanaione. Chonsecho anaiona, naimitsa sitima yache m'kati mwa mdima, nayamba kubwerera cham'mbuyo. Munthu uja anafunsa mnzache wa kukhomo lina pa telegrafu ngati m'mphangamo mwayera, ndipo mnzacheyo, poganiza za sitima yoyamba, anabvomera. Yachitatu inaloledwa kulowa. Anthu 23 anafa. Onse awiri aja sanali aulesi kapena oledzera. Anali anthu otopa amene anamvana molakwa pa mau amodzi.

Amisiri anayamba kuganiza kuti si bwino kudalira mutu wa munthu wokha. Mu 1856 John Saxby anali atalembetsa kale ku boma nzeru yache yomangirira masiginolo ndi mapointi pamodzi. Mapointi ndiwo malirime achitsulo aja amene amasuntha pa mphambano ya njanji, kuti sitima ikhotere uku kapena uko. Nzeru ya Saxby inali yakuti mpini wa siginolo uzikana kukokedwa kufikira mapointi atakhala m'malo oyenera, ndiponso kuti siginolo likaloleza sitima, mapointiwo asathekenso kusunthidwa. Kuti zimenezi zitheke, mipini yonse ya pa mphambano inayenera kusonkhanitsidwa malo amodzi, pamwamba pa makina okhoma. Makinawo anafuna chipinda chao chouma. Munthu wokoka mipini anafuna kuona njanji zonse ndi sitima zonse kupyola pamwamba pa mabogi. Apo ndiye panachokera maonekedwe a nyumbayi: makina pansi, munthu pamwamba, magalasi pozungulira. Palibe mmisiri amene anakhala pansi kuti ajambule chinthu chokongola. Nchito ndiyo inaumba nyumba.

Makampani ambiri anazengereza, pakuti zonsezi zinali za ndalama. Chimene chinawakakamiza chikutikhudza ife ana a sukulu. Pa 12 June 1889 ana a Sande Sukulu a ku Armagh, ku Ireland, anakwera sitima pamodzi ndi makolo ndi aphunzitsi ao kupita kukasewera kunyanja ku Warrenpoint. Anthu anadzaza kotero kuti injini inalephera pa chitunda. Ogwira nchito anadula sitimayo pakati kuti akwere nayo theka-theka, natsekera mabogi khumi am'mbuyo ndi buleki ya pamanja ndi miyala kumawilo. Mabogiwo anapulumuka nabwerera kunsi kwa chitunda, zitseko ziri zokhoma, nakaombana ndi sitima ina imene inali italoledwa kutsatira mwa lamulo lija la wotchi. Anafa anthu 80, ndipo pakati pao panali ana ambiri. Isanathe miyezi itatu, nyumba ya malamulo ku London inapanga lamulo lopatsa boma mphamvu yokakamiza makampani onse onyamula anthu kuchita zinthu zitatu: kumangirira masiginolo ndi mapointi, kugawa njanji m'zigawo kuti m'chigawo chimodzi musamalowe sitima ziwiri, ndi kuika mabuleki ogwira okha sitima ikaduka.

M'kati mwa nyumba yotere ndinalowa ku Crewe, tauni ya njanji imene siri patali ndi Shrewsbury. Kumeneko kuli malo osungirako zinthu zakale za njanji, otchedwa Crewe Heritage Centre, ndipo pakati pa zinthuzo pali nyumba ya masiginolo yotchedwa Exeter West. Kwao kweni-kweni ndi ku Exeter, kutali kum'mwera. Inamangidwa mu 1913, inatsekedwa mu 1985, ndipo anthu oikonda anaiphwasula zigawo-zigawo, naisenza ulendo wonsewo, nadzaimanganso pamodzi ndi mipini yache 131. Tinakwera makwerero, ndipo chimene ndinayamba kumva ndi fungo la mafuta a makina ndi polishi. Pansi panali pong'anima, zamkuwa zonse ziri phuli-phuli, mipini iri ndandanda ngati asilikari pa perete.

Anatilandira bambo wina wachikulire, wa imvi mutu wonse, amene anagwira nchito imeneyi pa unyamata wache. Anatisonyeza kuti mpini uli wonse uli ndi nambala ndi mtundu wache. Wofiira ndi wa siginolo loimitsa sitima. Wachikasu ndi wa siginolo lakutali, lochenjeza woyendetsa kuti akonzekere kuima. Wakuda ndi wa mapointi. Wobiriwira ngati thambo ndi wa loko wa mapointiwo. Woyera ndi wopuma, wopanda nchito. Nditatambasula dzanja kuti ndigwire, anandiletsa nandipatsa kansaru. Nsonga za mipiniyo ndi chitsulo chosapaka utoto, ndipo thukuta la m'manja limachititsa dzimbiri. Kotero munthu wa masiginolo sagwira mpini ndi dzanja lopanda kansaru, ndipo amayenda nako pa phewa tsiku lonse. Atatero anandiuza kuti ndikoke mpini wofiira umene anausankha dala. Ndinakoka ndi mphamvu zanga zonse, ine amene ndimaponya chitsulo pa masewero a sukulu yathu, koma mpiniwo unangoti nji, ngati wamera mizu. Iwo anakoka wakuda, nakoka wobiriwira, nati ndiyesenso. Unabwera mosabvuta, nulira kuti khwa.

Anatitsitsira ku chipinda chapansi kuti tione chimene chinandikaniza. M'menemo ndi mozizira ndi mwa mdima pang'ono, ndipo mpini uli wonse wa pamwamba uli ndi mchira wache wotsikira m'menemo. Mchirawo umakankha chitsulo chaphanthi chokhala ndi mipata yosemedwa m'mbali. Mopingasa mwadutsa timipiringidzo tokhala ndi mano. Mpini umodzi ukakokedwa, dzino limatuluka mu mpata wache nilikankha mpiringidzo, ndipo dzino lina limakalowa mu mpata wa mpini wina kutali, niliugwira. Palibe magetsi, palibe kompyuta. Malamulo onse a pa mphambanoyo, akuti sitima iyi ikamadutsa iyo iyembekeze, anawasema m'chitsulo ndi tupa. Aphunzitsi athu a Masamu akadakhalapo akadakondwa, pakuti ndi nkhani yomwe ija ya "ngati ichi, ndiye icho" imene amatibvutitsa nayo pa bolodi. Ndinamvetsa tsono chifukwa chache nyumba ya ku Shrewsbury iri ndi zipinda ziwiri zapansi: mipini 180 iri ndi malamulo ambiri osakwana m'chipinda chimodzi.

Pamwamba pa mipini pali alumali wautali wokhala ndi mabelu ndi timabokosi ta singano zoloza. Ndi zimenezi munthu wa m'nyumba iyi amalankhula ndi mnzache wa m'nyumba yotsatira, amene mwina sanamuonepo nkhope. Kugogoda kamodzi ndiko kuti, "Tchera khutu." Kugogoda kanai motsatana ndiko kufunsa ngati njanji iri yoyera kuti padutse sitima yothamanga ya anthu, katatu, kupuma, kenaka kamodzi, ndiyo sitima ya anthu yoima m'masitesheni. Mnzacheyo akalola amabwereza kugogoda komweko, ndipo akapanda kubwereza sitima siloledwa. Kawiri ndiko kuti sitima yalowa m'chigawo chako. Kawiri ndi kamodzi ndiko kuti yatuluka. Kasanu ndi kamodzi motsatana ndiko kuti pa njanji pali choopsya, ndipo bambo aja anati pa zaka zao zonse belu limeneli linkawaumitsa m'kamwa. Belu liri lonse liri ndi liu lache, lina lonenepa, lina lopyapyala, kuti munthu adziwe amene akuitana osatembenuka.

Asanagogode kuti sitima yatuluka, ayenera kuona ndi maso ache nyali yofiira yopachikidwa kumbuyo kwa bogi lomaliza. Nyali ikasowa, ndiye kuti mwina sitimayo yaduka, ndipo chigawo china chatsala m'njira. Kanyali kameneka ndi chimodzi cha zifukwa za magalasi onse aja, ndi cha mazenera otsetsereka amene munthu angatsegule msanga ndi kusuzumira kunja, ngakhale kukugwa chipale.

Zina zing'ono-zing'ono zinandikondweretsa koposa zazikulu. Dzanja la siginolo likakhala chopingasa ndiye kuti "ima." Kampani ya Great Western inkaligwetsa pansi poloza kuti "pita," pamene ena pambuyo pache anayamba kulikweza m'mwamba, ndipo ku Shrewsbury mungaone mitundu yonse iwiri. Koma konse-konse analipanga kuti waya akaduka, kulemera kwa chitsulo kulibwezere pa "ima." Waya yemweyo amatalika kukatentha ndi kufupika kukazizira, monga tinaphunzira mu Physics, kotero m'nyumbamo muli zogudubuza zomukungira ndi kumumasula. Mapointi sakokedwa ndi waya iai, koma ndi ndodo zachitsulo zolumikiza-lumikiza, ndipo lamulo silinkalola kuti apitirire mayadi 350 kuchokera pa mpini. Mkono wa munthu ndiwo unali muyeso. N'chifukwa chache sitesheni yaikulu inkafuna nyumba zingapo, ndipo mu 1948, pamene boma linatenga njanji zonse m'manja mwa makampani, m'dziko la Britain munali nyumba za masiginolo zokwana ngati 10,000.

Musaganize kuti chitsulo chinatseka mipata yonse. Pa 22 May 1915, pa Quintinshill, kufupi ndi Gretna ku Scotland, panali nyumba yabwino ya makina okwanira, ndipo kunja kunali kutayera. Sitima yaing'ono ya anthu inaimikidwa pa njanji ya sitima zochokera mbali ina, kuti ipatse njira yothamanga imene inali kudza m'mbuyo mwache. Anthu awiri a masiginolo anali kusinthana nchito mochedwa, mwa pangano lao lobisika, ndipo wolowayo anali kalikiliki kukopera m'buku la sitima kuti akulu asadziwe. Pali kankhata kachitsulo kamene amabveka pa mpini kuti usakokedwe pamene njanji yatsekedwa, sanakabveke. Munthuyo anaiwala sitima imene iye mwini anali atangotsikamo, imene inaima poyera pansi pa zenera lache, nalola sitima ya asilikari a Royal Scots opita ku nkhondo ku Gallipoli. Patangopita kanthawi sitima yothamanga ija inadzaomba zophwanyikazo, ndipo mabogi a matabwa ounikiridwa ndi gasi anayaka. Anafa anthu oposa 200, ndipo kufikira lero palibe ngozi ya sitima ina m'dzikomo yoposa imeneyi. Anthu awiri aja anaikidwa m'ndende. Makina okhoma ankadziwa za mipini yokha; za sitima yoima pa njanji sankadziwa. Mpata umenewu unadzatsekedwa ndi magetsi oyenda m'njanji momwemo, amene amazindikira mawilo a sitima ndi kukhoma siginolo, ndipo nzeru imeneyi ndiyo inayamba kuchotsera munthu kufunika kwa zenera.

Nyumbazi zinalinso ngati kwao kwa anthu. Munali mbaula ya malasha, ketulo, mpando umodzi wa ndalema, koloko, ndi desiki lopendekeka la buku lolembamo nthawi ya belu liri lonse. Ena ankabzala maluwa ndi ndiwo zamasamba m'mbali mwa makwerero. Zina zinali pakati pa tauni, koma zina zinali kwa zokha, monga ya pa Blea Moor, m'mapiri a mphepo pa njanji ya pakati pa Settle ndi Carlisle, kutali ndi midzi. Ndimaganiza za munthu wokhala m'menemo usiku wa chisanu, yekha-yekha, alikudikira belu.

Kampani iri yonse inali ndi kamangidwe kache, kotero kuti wodziwa angatchule mwini nyumba ali patali, monga ife timazindikirira sukulu poona yunifolomu. A Midland ankapanga makoma a matabwa zigawo-zigawo ku Derby, nazitumiza pa sitima kuti akangolumikiza, ndipo denga lao linali lotsetsereka mbali zonse zinai. A London and North Western, amene anamanga ya ku Shrewsbury ija, sankakonda zokometsera: njerwa pansi, matabwa pamwamba, denga la mbali ziwiri, basi. A Great Western ankadziwika ndi mazenera a magalasi asanu, atatu pamwamba ndi awiri pansi, ndi dzina la nyumba loumbidwa pa chitsulo. M'zaka za m'ma 1930 a Southern anamanga zina za denga lafulati ndi ngodya zozungulira ngati nyumba za kanema. Ya ku Woking, ya 1937, ikalipo. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anamanga za makoma ochindikala ndi denga la konkire poopa mabomba. Pobwerera kwathu tinadzera ku Birmingham, ndipo pafupi ndi sitesheni ya New Street ndinaona chinyumba cha konkire cha makoma a mizere-mizere ngati malata, cha mazenera ochepa. Chinatsegulidwa mu 1966, m'kati mwache munalibe mipini koma mabatani, ndipo chinaleka nchito pa 24 December 2022. Ine sindinachikonde, koma boma linachiika m'kaundula wa nyumba zotetezedwa kalekale mu 1995, ndipo ndibvomereza kuti munthu sangachiiwale atachiona.

Tsopano nyumbazi zikutha. Mwa 10,000 zija, pofika 2013 zogwira nchito zinali zosakwana 500, ndipo chaka ndi chaka zina zimatsekedwa. Network Rail, bungwe losamala njanji za Britain, likusamutsira nchito yonse ku malo akulu-akulu owerengeka, kumene munthu amakhala pa kompyuta nalamula sitima ziri kutali-tali zimene sadzaziona ndi maso. Sindidandaula nazo zimenezi, pakuti amene wawerenga za Armagh ndi Quintinshill sangakane njira iri yonse yochepetsa maliro. M'chaka chomwecho cha 2013 boma linaika nyumba za masiginolo 26 m'kaundula wa zotetezedwa, potsata uphungu wa bungwe la English Heritage, kuti pa mtundu uli wonse patsale chitsanzo.

Koma kodi chimene chisungidwa n'chiani? Tchalitchi chakale chingathe kupempheredwabe, nyumba yakale ya munthu ingasanduke sitolo kapena ofesi. Nyumba ya masiginolo siichedwa kuonongeka ikasiyidwa, pakuti ndi matabwa ndi magalasi, ndiponso iri m'mphepete mweni-mweni mwa njanji, kumene anthu saloledwa kufika. Zina anazisamutsa nazisandutsa mogulitsira tiyi kapena mogona alendo, atazula mipini ndi makina. Kwa ine imeneyo ndi chigoba cha nkhono mwini atachoka. Ya ku Crewe ija ndi yabwino koposa, pakuti mipini ikoka, mano agwira, mabelu alira, ndipo mlendo angamve m'mikono mwache chimene nyumbayo inamangidwira. Komabe ngakhale imeneyo mawaya ache sapita kuli konse, ndipo sitima zimene amaziloleza ndi za m'maganizo. Chinanso, onse amene ndinawaona akudziwa chinenero cha mabelu anali a imvi. Ku St Albans, kufupi ndi London, anthu a m'tauniyo anakonza ndi manja ao nyumba ya a Midland ya 1892 imene inali itayamba kuola, ndipo masiku ena amaitsegulira alendo. Koma kumenekonso nyumbayo idzafuna achinyamata oti aphunzire mwambo wache eni ache asanapite.

Kuno kwathu njanji ndi ya mzere umodzi ndipo sitima n'zowerengeka, kotero sitinafune nyumba za mipini 180. Koma ulendowu unandisintha kayang'anidwe. Tikapita ku Blantyre ndi aphunzitsi a History timaima pa Mandala, nyumba ya 1882, ndi pa tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene chinatha mu 1891, ndipo n'koyenera kutero. Sindikumbuka kuti tinaimapo pa sitesheni ya Limbe, kapena pa kasitesheni kena ka kumidzi, kufunsa kuti kanyumba aka kanali ka chiani, ankakhalamo ndani, nanga sitima ziwiri zoyang'anizana pa mzere umodzi ankazipewetsa bwanji. Alipo agogo m'midzi mwathu amene anagwira nchito ya njanji ndipo angayankhe. Ndipempha a History Club kuti pa ulendo wa teremu ikudzayi aganizirepo.

Nyumba ya ku Shrewsbury ikali ndi masiku. Mu 2021 anamaliza kuikonza, nachotsa matabwa oola, naika magalasi atsopano, pakuti njanji za m'dera limenelo sizinafike posinthidwa. Nayonso iri m'kaundula wa zotetezedwa, choncho palibe angaigwetse popanda chilolezo. Koma ndi yaikulu ndi ya njerwa, yosatheka kuisenza monga anachitira ndi ya ku Exeter, ndipo njira yokha yofikira pa makwerero ache ndi yodutsa pa njanji. Tsiku limene belu lomaliza lidzalira m'menemo, idzatsala pakati pa mafuwa ache atatu, mipini 180 iri m'malo mwache, sitima zikudutsa mbali zonse molamulidwa ndi munthu wokhala m'tauni ina.